Nyimbo ziwiri m'chipinda cha pamwamba pa bala

Ndinakula ndikuimba, koma ndinafika zaka 41 ndisanaimbepo ndekha pamaso pa anthu. Amene munakulira kumudzi ngati ine, kwathu ku Dedza, mukumvetsa kuti zimenezi n'zotheka. Ku Sande sukulu tinkaimba tonse. M'kwaya ya achinyamata ndinkaima mzere wachiwiri, mawu anga atabisala bwinobwino m'mawu a anzanga. Pasiwa wina akayambitsa nyimbo, enafe tinkangolandira mpaka tambala woyamba. Ngakhale pamtondo amayi sankasinja okha: munsi wawo ukamakwera wa azakhali unkatsika, ndipo nyimbo nayo inkayenda momwemo. Ukalakwitsa palibe ankadziwa. Mpweya ukakuthera mnzako ankapitiriza, iwe n'kudzalowanso kutsogolo.

Tsono usiku wina wozizira wa mu November, m'tauni ina yaing'ono ku West Yorkshire, kuno ku England, ndinapezeka nditaimirira m'kachipinda ka pamwamba pa bala. Anthu pafupifupi 30 anali atakhala duu, maso onse ali pa ine. Panalibe ng'oma, panalibe gitala, panalibe mnzanga pambali.

Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ntchitoyi ili ndi maola ake a zii, makamaka usiku ukamapinda zofunda kapena kudikira kuti wodwala agone, ndipo pa maola amenewo ine ndimaimba chapansipansi osazindikira n'komwe. Mayi wina wachingelezi amene tinkagwira limodzi, wamkulu ndithu kwa ine, anandimva kangapo. Tsiku lina akuti, "Lachiwiri likubwerali tipitire limodzi ku folk club, mukangokhala n'kumamvera." Ndinavomera chifukwa cha ulemu chabe. M'mutu mwanga ndinkaganiza za malo aphokoso, oledzera akukuwa, chifukwa ananena kuti n'kubala.

Pansi panalidi bala wamba. Koma titakwera masitepe n'kutsegula chitseko, ndinakhala ngati ndalowa m'tchalitchi mlaliki ali pakati pa pemphero. Bambo wina wa imvi anali ataimirira, maso ali chitsinzinire, akuimba nyimbo ya anthu a m'migodi ya malasha popanda choimbira chilichonse. Mnzanga anandigwira mkono kuti tiime kaye pakhomo. Kumeneko munthu salowa kapena kutuluka nyimbo ili mkati. Umadikira m'manja muombedwe, kenako n'kufuna mpando.

Nyimbo zimene iwo amazitcha folk ndi za makolo awo: za alimi, za amalinyero okoka zingwe m'zombo, za oluka nsalu m'mafakitale, za asilikali, za chikondi chokanidwa, pamodzi ndi zatsopano zopekedwa motsata mtima womwewo. Folk club ndi gulu la anthu okonda nyimbozi amene amakumana kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, kawirikawiri m'chipinda chobwereka. Oyendetsa salipidwa. Pakhomo umaponya kangachepe, ndipo pa nthawi yopuma amagulitsa matikiti a mayere, wamwayi n'kupita kwawo ndi botolo la vinyo kapena bokosi la chokoleti. Tindalama timeneti ndi timene timalipira woimba wodziwika akaitanidwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene usikuwo umagawidwira. Akaitana mlendo wodziwika, saimba yekha usiku wonse. Asanayambe, komanso akabwerako kopuma, woyendetsa mwambo amaitana anthu wamba ochokera m'mipando momwemo kuti aimbe nyimbo imodzi kapena ziwiri aliyense. Mpata umenewu amautcha floor spot, kutanthauza kuti woimbayo wadzuka pansi pomwe pakhala anthu. Sakufunsa kuti unaphunzira kuti, kapena kuti uyambe waimba akuyese. Umangopita kwa wogwira kapepala n'kutchula dzina lako. Masiku ena saitana mlendo n'komwe. Mipando amaiika mozungulira, nyimbo n'kumayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa woyandikana naye, chimene amachitcha singaround. Ikafika pa iwe, ukhoza kuimba, ukhoza kupukusa mutu, ndipo imangodutsa popanda wokuyang'ana ndi diso loipa.

Ine ndinapukusa mutu kwa miyezi itatu. Sindikuyesa miyezi imeneyo yotayika. Ndinkaona mmene anthu amaimirira, mmene amafotokozera nyimbo m'mawu awiri atatu asanayambe, pamene amakokera mpweya. Ndinaona woimba wina wotchuka, woti matepi ake anali pa tebulo pakhomo akugulitsidwa, akuiwala ndime yonse, n'kuima, n'kuyambiranso pamene anasokonezera, nkhope ili yosatekeseka. Anali pafupi nane moti ndikanatambasula dzanja ndikanagwira gitala yake. Pa wailesi kapena pa YouTube zoterezi suziona, chifukwa amakupatsa chakupsa chokhachokha, utsi wa kukhitchini atabisa.

Mwambowu si wakale kwambiri monga ndinkaganizira. Nyimbozo n'zakale, ndipo zambiri zinasungika chifukwa cha anthu onga Cecil Sharp, amene kuyambira 1903 anayendayenda m'midzi ya ku Somerset ndi kwina akulemba zimene okalamba ankamuimbira. Koma timagulu tokumana m'mabala tinayamba m'zaka za m'ma 1950, achinyamata a ku Britain atatengeka ndi nyimbo za skiffle zoimbidwa ndi gitala yotchipa ndi ziwiya za pakhomo, kenako n'kuyamba kufunsa kuti nanga nyimbo za kwawo komweko zili kuti. Ku Bradford, pafupi ndi kumene ndimakhala, kuli Topic Folk Club imene inayamba mu 1956 ndipo ikukumanabe mpaka lero, ngakhale yasamukasamuka m'mabala ambirimbiri. Ku London, woimba Ewan MacColl ndi anzake anayambitsa Ballads and Blues Club, imene pambuyo pake inabala Singers Club. Pofika m'ma 1960 pafupifupi tauni iliyonse inali ndi kagulu kake.

Tsiku langa litakwana, ndinasankha nyimbo yawo yomwe, ya mtsikana wodikira bwenzi lake lopita kunyanja. Ndinali nditaimva kangapo m'chipindamo, ndipo ndinaiyeserera milungu iwiri m'basi ndi m'bafa. Ndinkafuna kuti aone kuti ndikulemekeza zawo. Woyendetsa mwambo atatchula dzina langa, anawonjezera kuti aka n'koyamba, ndipo anthu anaomba m'manja ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinaimirira. Kummero kunauma gwaa, mawondo akuombana.

Kwathu a kwayamasitala ndi amene ankapereka kiyi. Apa panalibe wondipatsa, ndipo mantha anandikankhira m'mwamba. Mzere woyamba unatuluka bwino, koma ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndayambira pamwamba kwambiri, kuti kutsogolo kuli phiri loti sindilikwera. Nditafika pamenepo mawu anang'ambika. Ndinapitiriza chomwecho, koma pa ndime yachitatu mutu unangoti mbee, mawu onse balala. Ndinaima kakasi. Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinali ngati chaka. Palibe anaseka, palibe anatsokomola, palibe anayang'ana foni. Kenako kuchokera kumbuyo, mayi wina wokalamba ananena chapansipansi mawu anayi oyamba a ndimeyo, osaimba, kungowatchula monga umachitira pokumbutsa mwana pemphero. Ndinawatola n'kupitiriza. Kolasi itafika chipinda chonse chinalowa, amuna pansi, akazi pamwamba, ndipo ndinamva chinthu chomwe ndinkachidziwa kuyambira ku ubwana: mawu a anthu ena atandizinga mbali zonse.

Pa nthawi yopuma agogo aja anabwera pamene ndinakhala. Sananditamande mwabodza, ndipo ndimawathokozabe pa chimenechi. Anati, "Mwana wanga, mawu muli nawo. Koma musanayambe, pezani kaye mawu okwera kwambiri a m'nyimbomo, muwaimbe mumtima, kenako mutsike kukayambira pansi. Mantha amakweza munthu. Muziyamba motsika kuposa mmene mukuganizira." Anawonjezera kuti ndisamayang'ane nsapato zanga koma wotchi ya pakhoma lakumbuyo, kuti mawu adzafike kwa wokhala kumapeto. Anamaliza ndi funso: "Sabata yamawa muimba iti?"

Funso limenelo ndi limene ndikuona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi. Munthu saphunzira kuimba pagulu tsiku limodzi lalikulu. Amaphunzira chifukwa Lachiwiri limabweranso. Nyimbo ziwiri n'zochepa moti ukazilakwitsa dziko silikugwera, koma n'zokwanira kuti uziyeserera sabata yonse. Anthu ake ndi omwewo, ndiye amaona kusintha kwako, ndipo iwe umawaona akuona. Pa ulendo wachisanu manja anga anasiya kunjenjemera. Pa ulendo wa khumi ndinazindikira kuti ndikhoza kuchedwetsa mzere wina dala, anthu n'kundidikira. Ndinaphunzira kuti nyimbo yachisoni siikidwa pambuyo pa yachisoni inzake itatu, kuti woimba wabwino amamvera zimene zaimbidwa kale n'kusintha maganizo ali pampando. Ndinaphunzira kufupikitsa mawu oyamba, chifukwa ena amafotokoza nyimbo kwa mphindi zisanu pamene nyimboyo ndi ya mphindi zitatu. Ndinaphunziranso kuimba popanda maikolofoni, kumene kumakukakamiza kutulutsa mawu kuchokera m'mimba ndi kutchula liwu lililonse momveka. Zonsezi palibe anandikhazika pansi kundiphunzitsa ngati m'kalasi.

Anthu a m'magulu amenewa amakonda kutchula mayina aakulu amene anadutsa pakhomo laling'onoli, ndipo ndi zoona. Mu December 1962 Bob Dylan, asanatchuke kwenikweni ku Britain, analowa m'bala ya King and Queen ku London, ndipo woimba wa ku England Martin Carthy atamuzindikira m'gulu la omvera anamuitana kuti aimbeko. Paul Simon anazungulira timagulu ta ku England mu 1964 ndi 1965 akuimbira anthu owerengeka. Billy Connolly anali wowotcherera zitsulo kumalo okonzera zombo ku Glasgow, n'kumaimba ndi banjo m'ma folk club. Nkhani zimene ankakamba pakati pa nyimbo zinkatalika mpaka zinasanduka ntchito yake ya nthabwala. Amene amandikhudza kwambiri ine ndi Sandy Denny, chifukwa nayenso anayamba waphunzira unamwino, n'kumapita madzulo kukapempha mpata woimba kumalo a nyimbo otchedwa Troubadour ku London, asanalowe gulu la Fairport Convention mu 1968.

Komabe sindikonda nkhani ikamathera pa mayina amenewa, ngati kuti phindu la chipindacho ndi kutulutsa otchuka. Ambiri amene ndimakhala nawo sadzajambula chimbale. Pali bambo wina amene anayendetsa basi moyo wake wonse, ndipo anayamba kuimba akazi awo atamwalira. Ali ndi nyimbo mwina zisanu ndi imodzi, amazibwerezabwereza, mawu awo ndi okalakala. Koma pali imodzi imene akaimba, palibe amakweza kapu kukamwa. Munthu ameneyu anafika pamenepo chifukwa kwa zaka zingapo anthu analola kumumvera pamene sankaimba bwino.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: kulola kumeneku kuli ndi mtengo wake. Pali usiku wina umene umakhala n'kumvera nyimbo ya ndime 15 yoimbidwa ndi munthu amene sanaikonzekere, akuwerenga pa foni, mutu uli pansi. Pa nkhani ya kuwerenga mawu papepala anthu amatsutsana kwambiri. Ena amati woyamba kumene aloledwe, ena amati pepala likangolowa m'manja silichokanso. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa achiwiriwa: uligwire ulendo woyamba ndi wachiwiri, kenako ulisiye m'thumba, chifukwa nyimbo imene sunailoweze sungaipereke kwa munthu ukumuyang'ana m'maso. Vuto lina ndi lakuti ambiri m'zipindazi ndi okalamba, omwe aja anayamba ali achinyamata m'ma 1960, ndipo timagulu tina tatsekedwa oyendetsa atatopa kapena bala itagulitsidwa. Mu 2020 mliri wa Covid utatseka zonse, ambiri anasamukira pa Zoom, koma kumeneko kolasi siitheka chifukwa mawu amafika mochedwerana; aliyense ankaimba yekha m'nyumba mwake atatseka maikolofoni. Ndiponso sindibisa kuti kwa nthawi yaitali munthu wakuda m'chipindamo ndinali ine ndekha, ndipo si gulu lililonse limene ndinalowamo linandilandira ndi manja awiri. Kwina anandiyang'ana ngati ndasochera njira.

Kumene ndinakhazikika, zinthu zinatembenuka patatha pafupifupi chaka. Bambo wa imvi uja, amene ndinamupeza akuimba tsiku loyamba, anandiimitsa pamasitepe. Anati, "Mayi, nyimbo zathu mukuziimba bwino. Koma kodi kwanu kulibe zanu? Bwanji simunatiimbireko?" Ndinayankha kuti simudzamva tanthauzo. Iwo akuti, "Mudzatiuza."

Pambuyo pake ndinamva kuti funso limeneli lili ndi mbiri yake. Ku Singers Club ya MacColl ndi Peggy Seeger kunali lamulo lakuti woimba pa nsanja yawo aziimba nyimbo za chilankhulo ndi chikhalidwe chimene anakuliramo: wa ku England za ku England, wa ku America za ku America. Ankafuna kuti achinyamata asiye kutsanzira kalankhulidwe ka anthu a kutsidya kwa nyanja n'kukumba za kwawo. Ambiri anadana nalo lamulolo, ndipo inenso ngati lamulo sindilifuna. Likanakhalapo pa gulu lathu sindikanaloledwa kuimba nyimbo yanga yoyamba ija. Koma ngati funso lofunsidwa mwaulemu pamasitepe, linandibaya pamalo oyenera. Ndinazindikira kuti chaka chonse ndinkabisalanso, monga ndinkabisalira mu mzere wachiwiri wa kwaya, koma tsopano m'nyimbo za eni dziko.

Ndinaimbira foni amayi pa WhatsApp kuti andikumbutse nyimbo ya pamtondo imene agogo ankaikonda, ya mkazi wodandaula za mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza ngakhale kalata. Amayi anaseka kaye, akuti, "Iwe, azungu akaimva bwanji imeneyo?" Kenako anaiimba yonse, ndipo ndime ina imene ine ndinali nditaiwala anachita kukafunsa kwa azakhali kuseri kwa nyumba.

Lachiwiri lake ndinawafotokozera za mtondo ndi munsi, za amuna a ku Nyasaland amene ankapita ku migodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, ena osabwereranso, amene kwathu timawatcha matchona. Nditatchula migodi ndinaona mitu ikugwedezeka, chifukwa ambiri m'chipindamo ndi ana ndi adzukulu a anthu a m'migodi ya malasha ya ku Yorkshire. Ndinawauza kuti nyimboyi siimbidwa ndi munthu mmodzi, ndiye ndiwaphunzitsa mawu atatu oti azivomera. Tinawabwereza kanayi. Katchulidwe kawo kanali kokhota, koma anagwira. Ndinayambira pansi, monga anandilangizira agogo aja, phazi langa likugunda thabwa m'malo mwa munsi. Nditaponya mzere woyamba, anthu 30 anandibwezera m'Chichewa. Ndinakumbuka madzulo a kwathu pamoto, wokamba nthano akati "Padangotelo," ife tonse n'kuti "Tili tonse." Ndinaimba mpaka kumapeto misozi ili m'maso, koma mawu sanagwedezeke.

Ndili ndi mwana wa achimwene anga ku Lilongwe amene amapeka nyimbo. Amazijambula pa kompyuta ya mnzake n'kunditumizira, ndipo zina n'zabwino ndithu. Nditamufunsa ngati anaziimbapo pamaso pa anthu, anati akudikira kuti adzaitanidwe ku shoo yaikulu. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, tsiku limenelo likadzafika udzakhala usanadziwe chimene mawondo ako amachita anthu akakuyang'ana." Ndinamulangiza kuti asonkhanitse anzake khumi okha, kaya pakhonde kaya m'kalasi Loweruka masana, aliyense nyimbo ziwiri, mafoni m'thumba, wina akamaimba ena onse chete, ndipo sabata yotsatira abwerenso. Sizifuna jenereta kapena zokuzira mawu. Kuvomera nyimbo ife sitichita kuphunzira, tinabadwa nako. Chimene ndinachiona chachilendo kuno ndi kukhala chete kuja, kumupatsa munthu wosadziwika mphindi zisanu zathunthu ngakhale akupunthwa. Mwana wa achimwene uja sanandiyankhebe ngati anayesa.

Chaka chatha anandipempha kuti ndizithandiza kugwira kapepala ka mayina. Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wa zaka mwina 19, gitala ili kumsana, n'kukhala pafupi ndi chitseko ngati wofuna kuthawa. Pa nthawi yopuma ndinapita kukamufunsa ngati akufuna kuimba. Anati mwina ulendo wina. Ndinamuuza kuti palibe vuto, koma ndasiya mpata pambuyo pa bambo oyendetsa basi aja, akasintha maganizo angondikodola. Nyimbo ya bambowo ili pakati, ndinaona dzanja lake likukwera pang'ono.

Anayamba mothamanga, ndiponso pamwamba kwambiri. Ndinamva phiri lija likubwera iye asanalione. Atafika pamenepo mawu anathyoka, zala zinaima pa nsambo, nkhope inafiira mpaka m'makutu. Chipinda chinangoti zii, kumudikira. Nyimboyo inali yopeka yekha, choncho panalibe woti amuponyere mawu kuchokera kumbuyo. Anayang'ana kuchitseko, kenako anayang'ana ine. Ndinatambasula dzanja n'kulitsitsa pang'onopang'ono. Anasuntha kapo, kachipangizo kopanira nsambo kosinthira kiyi, pa gitala yake, n'kukoka mpweya, n'kuyambiranso.

Potuluka anandipeza ndikupinda mipando. Anafunsa ngati dzina amalembetsa tsiku lomwelo kapena akhoza kulembetseratu la sabata yamawa. Ndinatulutsa kapepala m'thumba n'kumupatsa cholembera.